Marner wapita ku Vegas, nanga m'nkhokwe mwatsala chiyani?

Lachiwiri, 1 Julayi 2025

Bambo a Tadala, Brampton: Mwadzuka bwanji nonse. Lero ndi holide koma ine tulo tandithera 5 koloko. Zija timamva ngati mphekesera dzulo zatsimikizika: Mitch Marner, katswiri wa timu yathu ya hockey (mpira wa pa madzi oundana) ya Toronto Maple Leafs, ndi wa Vegas Golden Knights tsopano. Zaka 8, madola 96 miliyoni, kutanthauza 12 miliyoni pachaka. Ife atipatsa Nicolas Roy basi. Mwana wa konkuno ku Ontario, tinamusankha tokha pa nambala 4 mu 2015, sizoni yangothayi watipatsa mapointi 102 (zigoli ndi mapasi obala zigoli), lero tikumusinthanitsa ndi munthu woti theka la gulu lino likufunsa kuti ndani ameneyo. Wina andiuze kuti ndikulota.

Nachisale, Ottawa: Pepani bambo, pepani ndithu. Siwa ili kuti, tibwere ndi nkhuni ndi kaufa?

Bambo a Tadala, Brampton: Anachisale musayambe m'mawa uno. Si inu tinakupirikitsani mu ndime yoyamba ya playoffs, masewero ochotsana a kumapeto kwa sizoni, pa 1 Meyi, pakhomo panu pomwe?

Nachisale, Ottawa: Ife tinali tisanalowemo mu playoffs kuyambira 2017, kungofikako linali phwando. Inu a Maple Leafs ndi amene mukudikira Stanley Cup, chikho cha ligi yonse, kuyambira 1967. Nthawi imeneyo Malawi anali asanakwanitse n'komwe zaka zitatu ali pa ufulu.

Malume a ku Area 25: Moni kwa nonse a kunjako. Ine ndine mlendo muno, anandilowetsa ndi mphwanga wa ku Edmonton uja, ndipo mpira wanu wa pa madzi oundanawu ndikungouphunzira pa foni. Koma ndifunse. Mumati Toronto ndiye timu yolemera kuposa onse mu ligi yanuyo. Nanga bwanji osangomupatsa mnyamatayo ndalama zomwe akufuna? Kuno Bullets kapena Wanderers ikamufuna wosewera, vuto limakhala thumba lokha.

Wowerengera, Mississauga: Funso labwino malume. Mu NHL thumba lilibe ntchito kwenikweni, chifukwa pali chomwe amati salary cap. Ndi malire a ndalama zomwe timu iliyonse ingalipire osewera ake onse pamodzi pachaka, kaya ndi yolemera kaya ndi yosauka. Sizoni yathayi malirewo anali madola 88 miliyoni, ikubwerayi ndi 95.5 miliyoni. Ganizirani mphika umodzi wa nsima, anthu oposa 20, ndipo lamulo likukuletsani kuphika wina. Ukampatsa mmodzi mtanda waukulu, wina agona ndi njala. Tsono taonani momwe Toronto inagawira mphika wake chaka chathachi: Auston Matthews 13.25 miliyoni, William Nylander 11.5, John Tavares 11, Marner 10.9. Kuphatikiza ndi 46.65 miliyoni. Anthu anayi, onse osewera kutsogolo, kudya kuposa theka la mphika. Otchinga kumbuyo, magoloboyi ndi ena onse kumalimbirana makoko.

Malume a ku Area 25: Eee, ndiye kunyumba kumeneko kulibe mtendere.

Bambo a Tadala, Brampton: Achimwene a ku Mississauga, masamu anu ndikuwamva, koma musaiwale kuti Kyle Dubas, manejala wa timu nthawi imeneyo, posainitsa anyamatawa mu 2018 ndi 2019 aliyense ankadziwa kuti cap izikwera chaka ndi chaka. Kenako kunabwera Covid, mabwalo anatsekedwa, cap inaima pa 81.5 miliyoni sizoni zitatu, ndipo zaka ziwiri zotsatira inangokwera ndi 1 miliyoni pachaka. Si kupusa kwa timu kumeneko, ndi tsoka. Ndipo chomwe chikundiwawa n'chakuti tapirira zaka zonse za chilala, lero mvula yayamba kugwa, cap ikupita pa 104 miliyoni chaka chamawa ndi 113.5 chaka chinacho, ndiye pamene tikumutaya. Zaka zitatu zikubwerazi 12 miliyoni idzaoneka yotchipa.

Wowerengera, Mississauga: Zoti Covid inasokoneza sindikukana bambo. Koma matimu onse anavumbwa ndi mvula yomweyo. Tampa Bay inatenga zikho ziwiri mkati mwa chilala chomwecho.

Mfana wa ku Edmonton: Ine ndingothokoza chabe. Chifukwa cha mphika womwewo munalephera kumusunga Zach Hyman mu 2021, anabwera kwathu pa 5.5 miliyoni, n'kutimwetsera zigoli 54 mu sizoni ya 2023-24. Nazem Kadri munamutumiza ku Colorado mu 2019, patapita zaka zitatu ananyamula chikho. Aliyense wochoka kwanu amanenepa, aise.

Nachisale, Ottawa: Iwe mfana khala chete, Florida yakukwapula mu fainolo zaka ziwiri zotsatizana.

Mfana wa ku Edmonton: Koma fainoloyo timafikamo asisi. Muwafunse a Toronto ngati akuidziwa njira yake.

Mayi a Pilirani, Oshawa: Ndangobwera kumene kokasiya mwana ku masewero, ndapeza mauthenga mbwee. Ine ndiyankhule za Marner monga mayi amene ndakhala m'mabwalo ozizira zaka zambiri. Anthu ambiri amangoona zigoli. Mnyamata uja amasewera timu ikakhala ndi munthu wochuluka, amaseweranso ikakhala yopereweredwa wina atapatsidwa chilango, ndipo mu 2023 anali mmodzi mwa atatu opikisana pa Selke, mphoto ya wosewera kutsogolo wodziwa kutchinga. Mwezi wa Febuluwale pa 4 Nations, mpikisano wa mayiko anayi, ndani anamupatsira Connor McDavid puck (kampira kaphwatalala ka hockey) ija anagoletsa nayo chigoli chopambanira Canada ku Boston? Ndi Marner. Ndiye zoti amanjenjemera pa masewero akuluakulu ine sindizivomereza zonse. Wosewera wotero sumupeza pamsika lero, ngakhale mutakhala ndi ndalama m'manja.

Wowerengera, Mississauga: Amayi, luso lake palibe akulitsutsa. Koma tawerengani nane. Chilowereni Matthews ndi Marner mu timu mu 2016, Toronto yalowa playoffs chaka chilichonse, sizoni 9. Ndime zomwe yapambana ndi ziwiri zokha: Tampa Bay mu 2023 ndi Ottawa chaka chino. Ndime amaitenga woyamba kupambana masewero anayi: mu 2021 tinatsogola masewero 3-1 pa Montreal, tinagonja. Chaka chino tinatsogola masewero 2-0 pa Florida, masewero achitatu tinatsogolanso zigoli 3-1, Brad Marchand n'kutimaliza mu nthawi yowonjezera. Masewero achisanu tinagonja 6-1 pakhomo. Achisanu ndi chiwiri 6-1 pakhomo pomwepo, anthu mpaka kuponya majezi pabwalo. Kodi mbewu yomweyo, munda womwewo, tibzalenso kakhumi?

Bambo a Tadala, Brampton: Za masewero achisanu ndi chiwiri aja a pa 18 Meyi musandikumbutse. Ndinali panja pa Scotiabank Arena ndi Tadala, tikuonera pa sikirini yaikulu ija. Chigoli chachitatu chitalowa mwana anangoti adadi tiyeni tizipita. Mwana wa zaka 11 kumatonthoza bambo ake mu sitima.

Nachisale, Ottawa: Apo ndiye sindiseka, zimawawa.

Malume a ku Area 25: Pali china sindikumvetsa. Ndamva kuti kontrakiti ya Marner inali ikutha. Nanga Vegas yaperekeranji munthu, pomwe ikanangomutola ulere?

Wowerengera, Mississauga: Pali kalamulo malume. Timu yomwe uli nayo ndi yokhayo ingakusainitse zaka 8, timu yatsopano imalekeza pa 7. Ndiye Toronto inamusainitsa zaka 8 pa mtengo womwe Vegas inagwirizana naye, n'kumupereka nthawi yomweyo. Vegas yapeza chaka chowonjezera komanso sinapikisane ndi wina aliyense pamsika, ife tapezako Roy m'malo mobwerera chimanjamanja. Ndipo njira imeneyi ikuchepa mphamvu posachedwa, chifukwa ligi ndi bungwe la osewera agwirizana kuti kuyambira 2026 zikhala zaka 7 kwa timu yako ndi 6 kwa timu yatsopano.

Mayi a Pilirani, Oshawa: Roy musamupeputse. Ndi wamtali, amasewera pakati, anali mu timu ya Vegas yomwe inatenga chikho mu 2023, ndipo amalandira 3 miliyoni yokha kwa zaka ziwiri zikubwerazi. Mphunzitsi wa timu Craig Berube amakonda anthu otere.

Bambo a Tadala, Brampton: Amayi, mwagulitsa ng'ombe ya mkaka, akupatsani mbuzi, ndiye mukundiuza kuti mbuziyo ndi yonenepa.

Mayi a Pilirani, Oshawa: Ng'ombeyo inali itadula kale chingwe bambo. Mbuziyo taitola panjira.

Wowerengera, Mississauga: Ndipo chingwecho anachimasula ndi akuluakulu a timu omwe. Kontrakiti ya Marner inali ndi mfundo yoti kuyambira Julayi 2023 sangagulitsidwe iye asanavomere. Nthawi yomugulitsa pa mtengo weniweni inali isanafike tsiku limenelo. Koma mwezi wa Meyi chaka chimenecho ndi pomwe Dubas amachoka, Brad Treliving n'kulowa m'malo mwake, ndipo pulezidenti wa timu Brendan Shanahan anasankha kusunga anayi onse. Pofika Malichi chaka chino zinamveka kuti anamufunsa ngati angalole kupita ku Carolina posinthana ndi Mikko Rantanen, iye anakana, ndipo unali ufulu wake, mkazi wake anali woyembekezera. Rantanen anathera ku Dallas pa ndalama yomweyo, 12 miliyoni zaka 8. Shanahan nayenso ntchito yamuthera mwezi wa Meyi.

Mfana wa ku Edmonton: Musaiwale msonkho akuluakulu. Nevada, Texas ndi Florida kulibe msonkho wa boma la chigawo pa malipiro. Ku Ontario munthu wolandira ndalama zimenezi gawo la pamwamba amamudula kuposa theka. 12 miliyoni ya ku Vegas si 12 miliyoni ya ku Toronto. Taonani Florida sabata ino: Sam Bennett 8 miliyoni, Aaron Ekblad 6.1, Marchand 5.25, onse atsala. Ife Evan Bouchard yekha tamupatsa 10.5 dzulo.

Nachisale, Ottawa: Msonkho ulipo, koma anthu amachotsera mtengo pomwe pali chikho. Florida yomweyo zaka zapitazo bwalo limakhala lopanda anthu, msonkho unali womwewo, palibe ankathamangirako.

Bambo a Tadala, Brampton: Pamenepo mwanena zoona anachisale, kamodzi pachaka. Ndipo kuchotsera mtengo kwachitikanso kwathu. Tavares wachoka pa 11 miliyoni kufika pa 4.38 kwa zaka zinayi, munthu woti wamwetsa zigoli 38 sizoni yathayi. Anamulanda ukaputeni chaka chatha n'kumupatsa Matthews, sananyinyirike. Ameneyo ndiye mwamuna. Pamsika lero akanapeza zambiri.

Wowerengera, Mississauga: Ya Tavares ndi yabwino zaka ziwiri zoyamba. Akukwanitsa zaka 35 mu Sepitembala, kontrakitiyi idzatha ali ndi 38. Miyendo simanama. Koma pa mtengo umenewo ndilibe nayo mawu. Yomwe yandisangalatsa ine ndi ya Matthew Knies: zaka 6 pa 7.75 miliyoni, mnyamata wa zaka 22, zigoli 29, thupi ngati thirakitala, saopa kuima kutsogolo kwa golo pomwe ndodo zimagwa ngati matalala. Tsopano anayi apamwamba, Matthews, Nylander, Knies ndi Tavares, akudya 36.88 pa 95.5 miliyoni. Tachoka pa kuposa theka kufika pansi pa 40 peresenti. Mpweya ulipo.

Mayi a Pilirani, Oshawa: Mpweya ulipo koma mugula nawo chiyani? Msika watsegulidwa masana ano, mayina akuluakulu ambiri asainiratu kwawo. Matias Maccelli amene tamutenga ku Utah dzulo anali ndi mapointi 57 sizoni ya 2023-24, yathayi 18 okha. Ndi juga imeneyo.

Wowerengera, Mississauga: Mwafika pomwe ndimafuna amayi. Ine Marner sakundisowetsa tulo. Chikundisowetsa tulo ndi nkhokwe. Knies ameneyu tinamupeza kuti? Pa draft ya 2021, nambala 57. Watisewerera zaka ziwiri zathunthu akulandira ndalama yosafika 1 miliyoni. Mu ligi ya cap ndi mmene timu imapumira: akuluakulu ochepa odula, kuzungulira iwo anyamata otchipa amene mwadzilerera nokha. Tsono taonani zomwe tachita ndi mwayi wathu wosankha mu ndime yoyamba. Wa 2025 unapita ku Chicago pogula Jake McCabe mu 2023. Wa 2026 wapita ku Boston pamodzi ndi Fraser Minten pogula Brandon Carlo. Wa 2027 wapita ku Philadelphia pamodzi ndi Nikita Grebenkin pogula Scott Laughton. Awiri omalizawa tsiku limodzi, pa 7 Malichi. Zaka zitatu zotsatizana. Kwathu munthu wotere timati wakazinga mbewu.

Malume a ku Area 25: Pepani ndibwerezenso kufunsa, draft ndiye chiyani? Mukugulitsana bwanji munthu woti simunamuone?

Mfana wa ku Edmonton: Ankolo, zili chonchi. Kuno matimu sakhala ndi ana awoawo kuyambira ali aang'ono ngati mmene zilili mu mpira wamiyendo. Anyamata akafika zaka 18 amaikidwa pamndandanda umodzi, ochokera ku Canada, America, Sweden, Finland, Russia konse, ndipo matimu 32 amasankha mosinthana, ndime 7. Omwe anachita moipa amasankha koyambirira, koma malo oyamba enieni amachita maere kuti timu isamagonje dala. Chaka chino maere anagwera New York Islanders, anatenga Matthew Schaefer ku Los Angeles Lachisanu lapitali. Ndiye malo ako pamzerewo ndi katundu, ukhoza kuwagulitsa ngakhale a zaka ziwiri zikubwerazo.

Malume a ku Area 25: Ndamva tsopano. Ndi chimodzimodzi kugulitsa chimanga chili m'munda chisanache, kwa vendala.

Wowerengera, Mississauga: Basi malume, mwamaliza nkhani yonse.

Bambo a Tadala, Brampton: Ayi, apa ndikutsutsani nonse. Mwezi wa Malichi timu inali pamwamba, tinamaliza oyamba m'gulu lathu la Atlantic ndi mapointi 108. Matthews ali pachimake, Nylander akumwetsa zigoli 45, Marner ndi Tavares chaka chomaliza. Mukanakhala Treliving mukanakhala manja lende kusungira mwana wa zaka 18 amene adzayambe kuthandiza mu 2030? Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Timu yabwino imasankha cha m'ma 25 kapena 30, ndipo ambiri osankhidwa kumeneko sakhala akatswiri. Florida yomwe mukuitamayo nayonso yagulitsa mwayi wake wa ndime yoyamba kangapo, palibe akuilira. McCabe watitumikira bwino, Carlo akadali ndi zaka ziwiri, Laughton chimodzi ndipo Philadelphia ikulipira theka la malipiro ake. Sitinataye m'madzi.

Wowerengera, Mississauga: Florida inakazinga mbewu n'kukhuta, zikho ziwiri zili m'kabati. Ife takazinga, njala ikadalipo. Ndipo mawu anu akuti timu yabwino imasankha cha m'ma 25 akuganiza kuti tikhalabe abwino. Tachotsa mapointi 102. Matthews wachoka pa zigoli 69 kufika pa 33, thupi likumuvuta. Chris Tanev ali ndi zaka 35 ndipo amatchinga puck ndi thupi lake usiku uliwonse. Magoloboyi Anthony Stolarz ndi Joseph Woll onse ndi abwino koma onse amavulalavulala. Zikangoterereka pang'ono, mwayi wa 2026 uja ndi wotetezedwa pokhapokha ukagwera mu asanu oyamba. Titamaliza moti tisankhe pa nambala 8 kapena 10, Boston ndi imene ikadye. Boston, bambo. Anthu omwe anatichita zija mu 2013.

Nachisale, Ottawa: Munkatsogola 4-1, mphindi khumi zokha zitatsala, n'kugonja. Ndimangokumbutsa.

Bambo a Tadala, Brampton: Ndine admin muno anachisale, samalani.

Mayi a Pilirani, Oshawa: Nkhokwe si yopanda kanthu ngati mmene mukunenera achimwene. Ine masewero a OHL, ligi ya achinyamata ya kuno ku Ontario, ndimaonera ndi maso anga, matikiti ake ndi omwe thumba langa limakwanitsa. Easton Cowan pomwe ankamusankha pa nambala 28 mu 2023 anthu anadandaula kuti amutenga msanga. Chaka chotsatira anakhala wosewera wopambana mu OHL yonse. Mwezi wathawu timu yake ya London Knights yatenga Memorial Cup, chikho cha achinyamata cha Canada yonse, kugonjetsa Medicine Hat 4-1 mu fainolo, iye n'kusankhidwa wosewera wopambana wa mpikisanowo. London yomweyo ndi kumene anachokera Marner. Ndamuona akubwera kuno kudzatizunza, mwana uja satopa, amakutsata ngati ntchentche. Ben Danford ndiye wathu wa Oshawa Generals, anamusankha pa 31 chaka chatha. Sadzakudabwitsani ndi zigoli, ndi wotchinga wodekha amene amagona kutsogolo kwa puck osaphethira. Koma chonde, ndikupempha, musamuveke Cowan nsapato za Marner. Akungochoka kosewera ndi ana anzake. Kukumana ndi abambo a zaka 30 olemera makilo 100 ndi nkhani ina. Ngati akufunika chaka ku Marlies, timu yachiwiri ya Toronto, apite, akakhwime.

Bambo a Tadala, Brampton: Ine ndikuti ayambe pomwepo mu Okutobala, pambali pa Matthews ndi Knies. Malo alipo, akudikira chiyani?

Mayi a Pilirani, Oshawa: Ndi mmene mumawaphera ana ku Toronto. Masewero asanu osagoletsa, mawayilesi onse ayamba kumudya. Marner mwini wake mwamuona mmene mzindawu unamutopetsera, mwana wakwanu.

Mfana wa ku Edmonton: Nanga uja mwamutenga Loweruka, dzina lovuta lija?

Mayi a Pilirani, Oshawa: Tinus Luc Koblar, wa ku Norway, amasewera ku Sweden. Nambala 64, womaliza mu ndime yachiwiri, ndipo ndiye anali woyamba wathu chaka chino. Wamtali, wapakati. Ameneyo muiwaleni kaye zaka zitatu kapena zinayi.

Wowerengera, Mississauga: Mwaona? Anthu 63 anadutsa tisanatsegule pakamwa. Ndipo chaka chamawa kuli Gavin McKenna, mnyamata wa ku Whitehorse uja wa Medicine Hat, amene aliyense akuti ndiye adzakhale woyamba. Matimu ena akusunga malo awo ngati golide.

Nachisale, Ottawa: Ndiye njira yokhayo yoti Toronto isunge mwayi wake ndi kugonja kwambiri mpaka kulowa mu asanu oyamba? Imeneyo ndiye mukhoza kuikwanitsa, ndikukhulupirirani.

Bambo a Tadala, Brampton: Mulungu akukhululukireni. Koma ndinene ichi achimwene a ku Mississauga. Kontrakiti ya Matthews ikutha mu 2028. Zaka zitatu. Ngati mukufuna tiyambe kusunga mbewu lero, mukumuuza kuti nayenso azilongedza. Munthu amene wamwetsa zigoli 60 kawiri sabwera kawiri pa moyo wa sapota. Ine ndili ndi zaka 54, sindikufuna mapulani a 2032.

Wowerengera, Mississauga: Sindikuti tigwetse nyumba bambo. Ndikuti ndalama yatsalayi asaimwaze lero pa anthu a zaka 32 chifukwa choti masapota tikulira. Aisunge, pofika Febuluwale matimu ogonja adzayamba kugulitsa. Vuto ndi lakuti pogula pamafunika chopereka, ndipo chomwe aliyense adzatifunse ndi Cowan.

Mayi a Pilirani, Oshawa: Akadzangomugulitsa Cowan ine jezi ndikupatsa anachisale akakolopere.

Nachisale, Ottawa: Ndilandira ndi manja awiri, ya buluu imagwira bwino fumbi.

Malume a ku Area 25: Iwe mphwanga, ukuseka anzako, wako uja McDavid ndamva kuti naye yake ikutha chaka chamawa. Wasaina?

Mfana wa ku Edmonton: Ankolo, ndinakulowetsani muno kuti muzindithandiza. Kuyambira lero ndi pomwe akuloledwa kusaina yatsopano. Leon Draisaitl ali kale pa 14 miliyoni, ndiye mutha kuona pomwe nkhani iyambire. Foni ndaigwira kuyambira m'mawa, ndikungotsitsa.

Bambo a Tadala, Brampton: McDavid kwawo ndi ku Newmarket, mphindi zochepa kuchoka pano. Ndipo ife 12 miliyoni yangomasuka kumene. Sindikunena kanthu, ndikungoyang'ana mapu.

Mfana wa ku Edmonton: Bambo a Tadala ndimakulemekezani, musandiyese.

Wowerengera, Mississauga: Mwaona matenda athu? Maliro sanaikidwe, bambo ayamba kale kufunsira.

Mayi a Pilirani, Oshawa: Tisiye kaye pamenepo, ndikufuna mayankho a za mkumano wathu wa Lamlungu pa 6 Julayi. Amene munalonjeza ufa ndi chambo simunanene kanthu mpaka lero, ndipo malo aja tiyenera kutsimikiza pofika Lachinayi. Anachisale mukubwera ndi galimoto kapena sitima?

Nachisale, Ottawa: Galimoto, ndinyamuka Loweruka. Ndibwera nditavala jezi ya Tkachuk, kaputeni wathu wa Ottawa, mundisungire mpando pafupi ndi bambo a Tadala.

Bambo a Tadala, Brampton: Ufa uli kwa ine, makilo 10. Jeziyo mukaisiye m'galimoto.